Mwala wa ku Malosa ndi kuwala kodutsa njira imodzi

Aliyense amene anakwerapo phiri la Zomba anawaona anyamata oyala miyala m'mbali mwa msewu, pafupi ndi anzawo ogulitsa masitiroberi. Pa miyalayo pamakhala wina wakuda bii, wautali ngati choko, wa ngodya zakuthwa, wonyezimira ngati aupaka vanishi, ndipo kawirikawiri umakhala utazika pa mwala woyera. Dzina lake ndi aegirine, akatswiri amaulemba NaFeSi2O6, ndipo wokongola kwambiri umachokera ku Malosa. Ogula ambiri amangokauika pa kabati ya pabalaza. Mu 2007, gulu la akatswiri a pa yunivesite ya Cologne ku Germany linalengeza kuti mwala umenewu ukazizira kutsika pansi pa 6 kelvin, ndiko kuti madigiri 267 pansi pa ziro, umasanduka multiferroic. Zidutswa zimene anayezazo zinali za ku Malosa komweku.

Mawu akuti multiferroic anawayambitsa ndi Hans Schmid wa ku Geneva mu 1994. Lero amatanthauza chinthu chokhala ndi madongosolo awiri nthawi imodzi. Loyamba ndi la maginito: timaginito ting'onoting'ono ta maelekitironi, timene timatchedwa spin, timafola mwa dongosolo. Lachiwiri ndi la magetsi: maatomu a chaji ya pozitivu amasendera pang'ono mbali imodzi, a negetivu mbali inayo, mwakuti mwala wonse umakhala ndi mutu ndi mchira wa magetsi. Muvi woloza kuchokera kumchira kupita kumutu timaulemba P, ndipo voteji ikhoza kuutembenuza. Zinthu zokhala ndi zonse ziwiri n'zosowa. Nicola Spaldin, panthawiyo akudziwika kuti Nicola Hill, anafotokoza chifukwa chake mu 2000: m'zinthu ngati barium titanate (BaTiO3), atomu ya titanium imasendera pambali chifukwa chipinda chake cha maelekitironi a d n'chopanda kanthu, pomwe maginito amafuna kuti m'chipinda chomwecho mukhale maelekitironi. Chofuna wina, mnzake amachikana.

Chimene chatibweretsa pano ndi zimene zinthu zoterezi zimachita ndi kuwala. Tengani kachidutswa kosalala mbali zonse ziwiri, muunike kuchokera kumanzere, muyeze kuwala kotulukira kumanja. Kenako muunike kuchokera kumanja, mtundu wa kuwala womwewo, mzere womwewo. Pa galasi, pa madzi, pa pulasitiki, pa mwala uliwonse wa pamsika wa Zomba, manambala awiriwo amafanana ndendende. Mu multiferroic akhoza kusiyana, ndipo m'zinthu zingapo amasiyana mpaka mbali imodzi kuoneka mbee pomwe inayo ndi mdima. Akatswiri amati nonreciprocal directional dichroism; ife tizingoti kumeza kuwala motengera kolowera.

Zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza nazo

Choyamba chimene munthu amakumbukira ndi galasi la tinted la pa galimoto kapena pa zenera la ofesi. Limenelo lilibe tsankho. Ngati limalola magawo 20 pa 100 a kuwala kulowa, limalolanso magawo 20 omwewo kutuluka. Masana wa panja saona mkati chifukwa dzuwa lonyezimira pa galasilo limaposa kakuwala kochepa kotuluka mkatimo. Usiku mukayatsa getsi mkati, zimatembenuka: wa panja akukuonani bwinobwino, inu mukungodziona nokha.

Chachiwiri amachidziwa bwino ndi akatswiri a miyala, ngati a ku likulu la Geological Survey kuno ku Zomba. Iwo amanola mwala mpaka upyapyale kufika 0.03 mm n'kuuika pa maikulosikopu yokhala ndi polarizer, sefa yolola kuwala kogwedezekera mbali imodzi yokha. Aegirine wakuda uja amaoneka wobiriwira, ndipo mukamazungulitsa tebulo la maikulosikopu amasintha kuchoka pa kubiriwira kwambiri kupita ku mtundu wachikasu chofiirira. Apa mwala ukumeza kuwala motengera mbali imene magetsi a m'funde la kuwala akugwedezekera. Uku n'kusankha ndithu, koma kuwala kukabwerera m'njira yomwe kwadzera, mwala umameza mlingo womwewo.

Mayeso awiri

Musanagule chida chilichonse, pepala ndi pensulo zingakuuzeni ngati mwala ungasiyanitse kupita ndi kubwera. Pali mayeso awiri a m'maganizo.

Mayeso oyamba: sankhani malo apakati mu mwalawo, atomu iliyonse muiolotse pakatipo ikakhale tsidya linalo pa mtunda womwewo. Zapamwamba zipite pansi, zakumanja kumanzere, zakutsogolo kumbuyo. Kuwala kumene kumapita kum'mawa tsopano kukupita kumadzulo. Ngati mwala ukuoneka chimodzimodzi mutatero, ndiye kuti ulendo wa kum'mawa ndi wa kumadzulo ndi ulendo umodzi, ndipo kumeza sikungasiyane.

Mayeso achiwiri: jambulani zonse pa kanema, kenako muonetse kanemayo chobwerera m'mbuyo. Kuwala kwatembenukanso. Maatomu ali pomwe anali, koma chilichonse chozungulira chayamba kuzungulira mobwerera, ndipo popeza maginito amachokera ku chaji yozungulira, spin iliyonse yatembenuka. Mu mwala wopanda maginito palibe chasintha, ndiye kupita ndi kubwera n'chimodzimodzi.

Mwala uyenera kusintha pa mayeso onse awiri. Kusintha pa amodzi okha sikukwanira. Quartz wofuka utsi wa ku Malosa amasintha pa oyamba, pakuti maatomu ake anapiringizika ngati sikuluwu, ena chakumanja ena chakumanzere, koma alibe maginito. Chitsulo chimasintha pa achiwiri koma pa oyamba chimakhala momwemo. Multiferroic imasintha pa onse awiri mwachibadwa, pakuti P amatembenuka pa oyamba ndipo maginito pa achiwiri.

Pali makhalidwe awiri amene amapezeka kawirikawiri. M'khalidwe loyamba, P, maginito a mwala amene timawalemba M, ndi kolowera kuwala kumene timakulemba k, zonse zitatu zimapingasana ngati ngodya ya chipinda pamene makoma awiri akumana ndi pansi. Mukatembenuza chimodzi mwa zitatuzi, mbali yomeza kwambiri imasanduka yomeza pang'ono. Mukatembenuza ziwiri, mwabwerera pomwe munali. Lamulo limeneli mulisunge, ndilo lidzakuthandizeni kusiyanitsa zoona ndi chinyengo cha zida. M'khalidwe lachiwiri mwala ndi wopiringizika ngati quartz uja, ndipo kuwala kumayenda motsata maginito kapena mosemphana nawo. Geert Rikken ndi Ernst Raupach anaona zoterezi ku Grenoble mu 1997, koma kusiyana kwake kunali kochepa zedi.

Shuga, madzi ndi kalilole

Wophunzira fizikisi ku Chanco angathe kuona ndi maso ake tanthauzo la mayeso achiwiri popanda chida chodula. Sungunulani magalamu 26 a shuga woyera m'madzi, muonjezere madzi mpaka zonse zikwane 100 ml. Thirani m'chubu chotalika 10 cm chotseka ndi tigalasi tosalala mbali zonse. Dutsitsani kuwala kwachikasu kumene kwadzera pa polarizer. Mbali imene kuwalako kukugwedezekera idzapotoka madigiri 17, ndipo mukagwiritsa ntchito laser yofiira idzachepako pang'ono. Tsopano ikani kalilole kumapeto kuti kuwala kubwerere m'chubu chomwecho. Kupotoka konse kumamasuka, mumapeza ziro. Shuga ndi wopiringizika koma alibe maginito.

Khuthulani, mutsuke, muthire madzi okhaokha, chubucho muchilowetse mu koyilo ya waya yopereka maginito a mphamvu ya 0.02 tesla. Kuwala kudzapotoka pafupifupi madigiri 0.4. Ikani kalilole: m'malo momasuka, kupotokako kumawirikiza kawiri. Izi anazitulukira ndi Michael Faraday mu 1845, ndipo apa kupita ndi kubwera kwasiyana. Madigiri 0.4 simungawaone bwino ndi diso. Ikani polarizer yachiwiri mopendama madigiri 45 ndi yoyamba, koyilo muipatse magetsi a AC, kenako muwerenge photodiode, kachida kosandutsa kuwala kukhala magetsi, pa lock-in amplifier, chida chotola zokhazo zosintha mogwirizana ndi koyilo. Kuwala kudzakwera ndi kutsika ndi 1.5 peresenti mogwirizana ndi koyilo. Vuto limene limagwetsa ambiri apa ndi waya wa photodiode: ukadutsa pafupi ndi koyilo umatola magetsi wokha. Tsekani laser ndi chala. Ngati nambala ikadalipo, sikuwala kumene mumayeza.

Kupotoka si kumeza, koma amene wachita zimenezi ndi manja ake sazunguzikanso ndi zotsatirazi.

Katungwe wa okankha awiri

Mayeso awiri aja amangonena kuti kusiyana n'kololedwa. Sanena kukula kwake, ndipo m'zinthu zambiri n'kochepa kosayezeka. Apa ndi pamene pali mtima wa nkhaniyi.

Funde la kuwala lili ndi mbali ziwiri, ya magetsi ndi ya maginito, zopingasana zokhazokha komanso zopingasana ndi kolowera. Tambasulani chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati cha dzanja lamanja. Chamkombaphala chikhale magetsi, chapakati maginito, chachikulu kolowera. Tsopano zungulitsani dzanja kuti chala chachikulu chiloze kumbuyo pomwe chamkombaphala chikulozabe komwe chinali. Chapakati chatembenuka. Ndiye kuti kuwala kobwerera kukhoza kukhala ndi magetsi omwewo, koma maginito ake ndi otembenuka.

Mwala umameza kuwala pamene funde lakankha elekitironi kapena spin kuchoka pa mlingo wina wa mphamvu kupita pa wina. Mu mwala wamba, kulumpha kulikonse kumakhala ndi wokankha mmodzi, magetsi kapena maginito. Mu multiferroic, kulumpha kumodzi komweko kungakankhidwe ndi onse awiri, ngati ana awiri okankha katungwe mmodzi. Kuwala kukamapita, onse amakankha nthawi imodzi ndipo katungwe amakwera m'mwamba. Kukamabwera, mwana wa maginito watembenuka, akukankha mosemphana ndi mnzake.

Manambala ake ndi osavuta. Mphamvu ya wokankha wa magetsi tiitche a, ya wa maginito tiitche b. Popita, muphatikize a ndi b, yankho mulichulukitse lokha. Pobwera, muchotse b mu a, yankho mulichulukitsenso lokha. Ngati a ndi 100 ndipo b ndi 1, mumapeza 10201 ndi 9801, kusiyana kwa 4 peresenti. Umu ndi mmene zimakhalira nthawi zambiri, kapena kuchepera apo, chifukwa pa kuwala kooneka wokankha wa maginito amachepa kambirimbiri poyerekeza ndi mnzake. Nambala yodziwika mu fizikisi ya 1/137, yotchedwa fine-structure constant, ndi imene imaika mlingowu. Ngati a ndi 10 ndipo b ndi 1, mumapeza 121 ndi 81. Ngati onse ndi ofanana, mwachitsanzo 1 ndi 1, mumapeza 4 ndi 0. Mbali imodzi mwala ukumeza, mbali inayo kuwala kukungodutsa ngati palibe kanthu.

Choncho ntchito yonse ndi yofunafuna malo amene awiriwa akulingana. Wa maginito simungamunenepetse kwambiri, ndiye nzeru ndi kupeza pamene wa magetsi ndi wowonda. Malo otere alipo awiri odziwika.

Oyamba ndi pamene elekitironi ikulumpha mkati mwa chipinda cha d cha atomu imodzi. Pa atomu yokhala pakatikati pa anzake olingana mbali zonse, magetsi saloledwa kukankha kulumpha kotere. Malowo akapotoka pang'ono, magetsi amaloledwa pang'ononso, ndipo pang'ono pameneko ndi pamene tikufuna. Chitsanzo chotchuka ndi CuB2O4, mwala wa buluu womeretsedwa mu labu, umene spin zake zimafola pansi pa 21 kelvin. Uli ndi mzere wowonda womeza kuwala, ndiko kuti mtundu umodzi wa kuwala umene umaumeza kwambiri, pa mphamvu ya 1.41 eV, pamene funde limatalika pafupifupi 880 nm (nanomita), kuseri pang'ono kwa kufiira kumene diso limaona. Mu 2008 gulu la Taka-hisa Arima ku Japan linapeza kuti pa mzerewu mbali imodzi imameza pafupifupi katatu kuposa inayo. Mukabwerera ku masamu aja, katatu akutanthauza kuti b ndi 0.27 ya a. Mu 2015 gulu lomwelo linalinganiza awiriwo posankha bwino kolowera kuwala ndi kuika maginito a ma tesla makumi angapo, mpaka mbali imodzi inaleka kumeza.

Malo achiwiri ndi pa mafunde a terahertz, apakati pa a microwave ndi a infrared. Pa terahertz imodzi (1 THz) funde limatalika 0.3 mm ndipo mphamvu yake ndi 4 meV. Apa chogwedezeka ndi spin zenizenizo, ndipo mwachibadwa wozikankha ndi maginito. Mu 2006 Andrei Pimenov ndi anzake anaonetsa mu TbMnO3 ndi GdMnO3 kuti magetsi a kuwala nawonso angagwedeze spin, popeza m'zinthu zimenezi P amabadwa kuchokera ku mafoledwe a spin; spin zikagwedezeka, P amagwedezeka nazo. Kugwedezeka kotere kunatchedwa electromagnon. Mu 2011 István Kézsmárki ndi anzake anayeza Ba2CoGe2O7, mmene atomu iliyonse ya cobalt yazingidwa ndi maatomu anayi a okosijeni ndipo spin zimafola pansi pa 6.7 kelvin, napeza kusiyana kwakukulu pafupi ndi 1 THz. Pofika 2014 anali ataona mwala umenewu ndi abale ake, Ca2CoSi2O7 ndi Sr2CoSi2O7, ukulola kuwala kudutsa pafupifupi mbali imodzi yokha pa mizere ingapo.

Mbiri yake inayamba kale kuposa apa. John Hopfield ndi David Thomas anaona kale mu 1960 kuti mizere ya kuwala ya cadmium sulfide (CdS) imasintha akatembenuza maginito, ndipo gulu la ku Japan linaonanso kusiyanaku mu GaFeO3 mu 2004, ndi X-ray komanso ndi kuwala wamba. Chimene ma multiferroic anabweretsa ndi kukula kwake.

Kayezedwe kake, ndi mmene zimalakwikira

Kuwala kotsala kukadutsa kachidutswa kochindikala d ndi exp(−αd) ya kumene kunalowa, pomwe α ndi mlingo wa kumeza. Tiyerekeze kuti mbali imodzi α ndi 30 pa sentimita, inayo ndi 10, ndipo kachidutswa ndi ka 1 mm. Mbali yoyamba kumatsala 5 peresenti, yachiwiri 37 peresenti. Kuti mupeze kusiyana kwa α, gawani kuwala kwa mbali imodzi ndi kwa inayo, mutenge ln (natural logarithm), mugawe ndi d. Ubwino wake ndi wakuti mphamvu ya nyali ndi kuwala kotayika pa nkhope za mwala zimadzichotsa zokha m'masamumo.

Kuchindikala musankhe kuti αd ikhale pakati pa 1 ndi 2. Kachidutswa kakapyapyala kwambiri, kusiyana kumamira mu phokoso la detector, chida choyezera kuwala. Kakachindikala mpaka αd kupitirira 5, kuwala kodutsa sikukwana 1 peresenti, ndipo kakuwala kozembera m'mbali mwa mwala kamaposa kodutsa mkati. Zikatero pamwamba pa mzere pamaoneka pathyathyathya ndipo kusiyana kumachepa monama. Mankhwala ake ndi kumata mwala pa kachitsulo ka bowo laling'ono kuposa mwalawo. Pa terahertz izi zimafuna mwala wotakata mamilimita angapo, chifukwa funde la 0.3 mm silidutsa bwino pa bowo losakwana 2 mm.

Mbali za mwala muzipeze ndi chithunzi cha Laue, chojambulidwa ndi X-ray, musanadule. Maonekedwe a kunja amanamiza. Mukadula, nolani nkhope zonse ziwiri, koma zisakhale zolingana kwathunthu. Nkhope zolingana zimabweza kuwala uku ndi uku mkati, ndipo zotsatira zimadzaza timafunde. Pa mwala wa 1 mm wokhala ndi refractive index ya 3, ndiko kuti wochedwetsa kuwala katatu, timafundeti timabwera pa 50 GHz iliyonse, kukula kofanana ndi mizere imene mukuifuna. Kupendamitsa nkhope imodzi ndi madigiri awiri kapena atatu kumachepetsa vutoli.

Zida zimatengera mtundu wa kuwala. Pa 880 nm, nyali ya halogen, monochromator (chida chosankha mtundu umodzi wa kuwala) ndi photodiode ya silicon n'zokwanira, pakuti silicon amamva mpaka 1100 nm. Chofunika n'chakuti monochromator ikhale yakuthwa, apo ayi mzere wowonda uja umasakanikirana ndi zoyandikana nawo ndipo katatu aja amaoneka ngati maperesenti ochepa. Pa terahertz pamafunika nyali ya mercury, interferometer yolekanitsira mafunde ndi detector yozizira yotchedwa bolometer, kapena laser ya femtosecond. Nthunzi ya madzi imameza terahertz pa 0.56, 0.75 ndi 1.10 THz, choncho njira yonse ya kuwala iyenera kupopedwa mpweya kapena kudzazidwa nayitrojeni wouma. Ndi chinyontho cha Zomba cha mu Januwale, munthu angamayeze mpweya wa m'chipinda n'kumati ndi mwala. Nayitrojeni wamadzi amafika 77 kelvin basi, ndiye pa miyala yambiri yomwe tatchula sathandiza. Pamafunika helium wamadzi wa 4.2 kelvin kapena makina oziziritsa odzizungulira okha, ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito mumayambiranso kuziziritsa.

Ngakhale dzina lake likunena za kolowera, ambiri satembenuza kuwala. Kusinthanitsa nyali ndi detector kumasuntha chilichonse, ndipo kuwala sikudutsanso pa malo omwewo a mwala. Chimene amachita ndi kutembenuza maginito, potsata lamulo la zitatu zija. Koma maginito akuluakulu amatenga mphindi zambiri kuti atembenuke, ndipo nyali imakhala ikusintha pang'onopang'ono. Yezani motere: pozitivu, negetivu, negetivu, pozitivu, kenako muphatikize. Kusintha kwa nyali koyenda mbali imodzi kumafafanizika.

Apa ndi pamene munthu ayenera kudzikayikira, chifukwa zinthu zambiri zimasintha maginito akatembenuka. Mazenera a cryostat, chida choziziritsira mwala, amapotoza kuwala monga madzi aja, ndipo ngati kutsogolo kuli polarizer kapena grating, kupotokako kumaoneka ngati kumeza. Zenera lofinyidwa ndi kuzizira limachititsa kuwala kuzungulira pang'ono, ndipo mwala uliwonse wa maginito umameza kuwala kozungulira mosiyana mukatembenuza maginito, ngakhale usakhale multiferroic. Detector yotchedwa photomultiplier imasokonezeka ndi maginito otayikira kunja. Mwala womatidwa mopepera umapendama maginito akaukoka.

Chotsimikizira ndi kutembenuza chinthu chachiwiri. M'khalidwe la zitatu zopingasana, tembenuzani P ndi voteji, kapena zungulitsani mwala madigiri 180 pa mzere wa maginito. Kusiyana kwenikweni kumatembenuka chizindikiro, pomwe kwa mazenera ndi detector kumakhala momwemo. Muyenera kukhala ndi miyeso inayi, ndipo iwiri ya pamene mwatembenuza zinthu ziwiri iyenera kugwirizana. M'khalidwe la mwala wopiringizika, kuutembenuza sikuthandiza, pakuti sikuluwu yakumanja imakhalabe yakumanja ngakhale muizondotse. Pamenepo pamafunika mwala wina wopiringizikira mbali inayo. Lipoti lokhala ndi miyeso iwiri yokha musalikhulupirire msanga.

Cholakwika china n'chosemphana ndi ichi: kusapeza kanthu pomwe kanthu kalipo. Mwala ukamazizira wokha umagawikana timadera, kwina P waloza uku, kwina uko. Kuwala kukadutsa timadera tambiri, kusiyana kumathetsana n'kutsala ziro. Muyenera kuuziziritsa uli ndi voteji, nthawi zina pamodzi ndi maginito, kuyambira pamwamba pa mlingo umene spin zimafola mpaka pansi. Pakani utoto wa siliva mbali ziwiri, mulumikize timawaya, muike mavoti 100 kapena 200 pa milimita. Chenjerani ndi mpweya wochepa wa helium wozungulira mwala, pakuti umathetheka moto pa voteji yochepa kuposa mpweya wamba, ndipo ukathetheka voteji sifikanso pa mwala. Mukafuna kutembenuza P, mutenthetse kupyola mlingo uja, mutembenuze voteji, muziziritsenso.

Vuto la timaderali ena analisandutsa chida. M'zinthu ngati LiCoPO4, spin zimafola mosemphana, imodzi uku ina uko, mwakuti kunja sikumveka maginito ndipo madera awiriwo n'ovuta kuwasiyanitsa. Koma amameza kuwala mosiyana, ndipo mu 2018 Vilmos Kocsis ndi anzake anagwiritsa ntchito terahertz kuzindikira dera limene mwala uli. Kwa ofuna kusunga deta m'zinthu zotere, iyi ndi njira yowerengera zimene zalembedwa.

Ntchito imene anthu amaitchula kwambiri ndi ya chotchinga kuwala kobwerera. Laser imasokonezeka kuwala kwake kukabwerera mkati, choncho kutsogolo kwake amaikako isolator: polarizer ziwiri, pakati pake mwala wopotoza kuwala madigiri 45 mkati mwa maginito. Pa 1064 nm, mwala wotero wotchedwa TGG (terbium gallium garnet) umafuna pafupifupi 2 cm mu 1 tesla. Multiferroic ikanachita zonsezi ndi kachidutswa kamodzi, ndipo kolowera mukanakusintha ndi voteji. Wina angafunse ngati chitseko cha mbali imodzi chotere sichingasamutse kutentha kuchoka ku chozizira kupita ku chotentha kwaulere. Sichingatero, chifukwa kuwala kotchingidwa kumamezedwa, mwala umatentha, ndipo umatulutsanso kuwala kwakekwake mokondera mbali mwa mlingo wobweza zonse m'malo.

Chotsekereza ndi kuzizira. Bismuth ferrite (BiFeO3) ndiye wodziwika wopirira kutentha: P wake amakhalapo mpaka 1100 kelvin, spin zimafola mpaka 640 kelvin, zikuzungulira pang'onopang'ono n'kubwerera poyamba pa 62 nm iliyonse. Mu 2015 gulu la Kézsmárki linaona kusiyana kwa kupita ndi kubwera mu BiFeO3 pa mizere ya pansi pa 1 THz, ndipo kunatsalabe pa kutentha kwa m'chipinda. Komabe panafunika maginito akunja amphamvu, ndipo BiFeO3 amadontha magetsi, zimene zimavutitsa pomutembenuza ndi voteji.

Nanga mwala wa ku Malosa uja? Uli pa kabati sungasiyanitse kalikonse, pakuti pa kutentha wamba maatomu ake sasintha pa mayeso oyamba. Spin za chitsulo chake zimayamba kufola pa 8 kelvin, ndipo pansi pa 6 kelvin zimapiringizika n'kubala P wamng'ono woloza mbali ya mwala imene akatswiri amaitcha b (si b wa masamu aja). Pamenepo mayeso onse awiri akwaniritsidwa, ndipo lamulo la zitatu likunena pomwe muike zinthu: maginito apingase b, kuwala kupingase zonse ziwiri. Mbali ya b imapingasa utali wa mwalawo, ndiye utoto wa siliva upite pa nkhope ziwiri za m'mbali zoyang'anizana ndi b, osati kumapeto. Chovuta ndi kudula. Aegirine, monga abale ake onse a m'banja la miyala lotchedwa pyroxene, amang'ambika motsata utali wake m'njira ziwiri zokumana pafupifupi madigiri 87, ndipo pa kuwala kooneka muyenera kumunola mpaka achepere pa gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita asanayambe kudutsitsa kanthu. Mumate kaye pa galasi ndi phula, mudule ndi sowo ya waya mosafulumira, ndipo mukafika ponola komaliza musadinikize.